Thumba la chitukuko la m'dera: zomwe Blantyre ingaone ku Bulawayo, Lusaka ndi Joni

Anthu a mu Blantyre sachita kuphunzitsidwa kusonkha. Maliro akagwa ku Ndirande kapena ku Bangwe, kope limayenda khomo ndi khomo ndipo ufa ndi nkhuni zimafika pasiwa dzuwa lisanalowe. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kufika ndi makasu ndi mabulangete anali anansi ndi mipingo. Mu Januwale 2021, mliri wa Covid-19 utavuta, a Onjezani Kenani, mlembi wa nkhani, anapempha Amalawi pa Facebook kuti asonkhe zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala, ndipo anthu anapitiriza kupereka chifukwa ankaona poyera zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. Pomwe timaperewera m'pakuti thumba limatsegulidwa tsoka likagwa, n'kutsekedwa misozi ikauma. Achinyamata a ku Mbayani ofuna kukonza ngalande, kapena amayi oyendetsa sukulu ya mkombaphala ku Chirimba, alibe khomo loti akagogode m'dera lawo lomwe.

Ku Bulawayo anayesa kutseka mpata umenewu mu 1998 pokhazikitsa Community Foundation for the Western Region of Zimbabwe. Mpamba wake woyamba unachokera kwa anthu akumudzi omwe ankasonkha pang'onopang'ono kudzera m'bungwe la ORAP, lotukula anthu akumidzi m'dzikolo. Mfundo inali yoti mpambawo usakhudzidwe, phindu lake ndilo lizithandiza ntchito zomwe eni dera asankha okha. Ubwino wake ngwakuti mayi amene waponyamo kangachepe amakhala mwini, ndipo akhoza kufunsa komiti mosachita manyazi. Koma kukwera kwa mitengo kwa mu 2008 kunasandutsa ndalama zosungidwa m'mabanki a dzikolo kukhala mapepala chabe. Ife tisanene kuti izo n'za ku Zimbabwe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba lomwe langogona mu akaunti wamba limachepa lokha popanda wakuba. Gulu lofuna mpamba wokhalitsa liuike m'ma treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa kuti libweze ndi chiwongoladzanja), m'masheya a pa Malawi Stock Exchange yomwe ili mu Blantyre momuno, kapena m'nyumba ya lendi. Ngati n'laling'ono, ndi bwino kugwiritsa ntchito zosonkha za chaka chimenecho simenti isanakwere mtengo.

Zambia ndiyo timafanana nayo kwambiri. Chilimba chawo n'chipereganyu chathu, ndipo bungwe la Zambian Governance Foundation, lomwe linayamba mu 2009 ku Lusaka, linabadwa ndi ntchito yofanana ndi ya Tilitonse Foundation yathu: kulandira ndalama zakunja n'kugawira mabungwe a m'dziko. Onse awiri analowa m'ntchito yopatsa mphamvu mabungwe a m'dziko ya Shifting the Power, yothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Comic Relief. Chomwe a ku Lusaka analimbikira n'kuyamba ndi funso lakuti dera lili ndi chiyani kale, lisanalembe zomwe likusowa. Njerwa, mchenga, luso la mmisiri ndi masiku a ntchito zimawerengedwa ngati chopereka. A ku Kenya a bungwe la chitukuko cha m'madera la KCDF amapita patsogolo: dera likasonkha theka, iwo amaonjezera theka linalo. Njira imeneyi ndiyo tikanakonda makampani a ku Makata ndi ku Limbe atatengera, m'malo mobwera ndi cheke chachikulu ndi atolankhani kamodzi pachaka.

Ku Mozambique xitique, chipereganyu cha kumeneko, ndi yamphamvu m'misika ndi m'mabanja, koma imathera pa kulandirana. Bungwe lalikulu la chitukuko cha m'madera la FDC, lomwe Graça Machel anali mmodzi mwa oliyambitsa mu 1994, likuchita zambiri, komabe njira yodalira dzina lalikulu singathandize komiti ya ku Zingwangwa.

Ku South Africa kusiyana kuli pa malamulo ndi mabanki. Magulu osonkherana ndalama otchedwa stokvel ali ndi bungwe lawo, NASASA, kuyambira mu 1988, ndipo mabanki ali ndi maakaunti opangidwira magulu otere, ofuna malamulo olembedwa ndi osayinira angapo. Wopereka ku bungwe lovomerezeka pansi pa Section 18A ya lamulo la msonkho amachotsa choperekacho pa ndalama zodulidwa msonkho, mpaka 10 peresenti ya ndalamazo. Abale athu a ku Joni amadziwa mwambo umenewu, chifukwa amasonkherana mwezi ndi mwezi zonyamulira maliro kubwera kumudzi. Anthu omwewo angathe kuthandiza thumba la kwawo ku Machinjiri atamaona malisiti.

Kuno poyambira alipo kale, ndi banki m'khonde. Gulu lililonse lili ndi masheya komanso thumba la zadzidzidzi. Lingoonjezera lachitatu, la dera. Magulu 20 a anthu 25, aliyense akamaponya K500 pamwezi, amatolera K250,000 pamwezi, K3 miliyoni pachaka. Sizimanga mlatho, koma zikhoza kufolera sukulu ya mkombaphala kapena kukonza mpopi. Poyamba n'kokwanira kulembetsa ngati CBO, kutanthauza bungwe la m'dera, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo. Kuthamangira ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, ndi ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwewo, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board malamulo atasinthidwa mu 2022, kumabweretsa zolipira za pachaka ndi malipoti a akatswiri owerengera ndalama, zomwe zingameze gawo lalikulu la thumba laling'ono.

Chomwe chimapha matumba ambiri ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya wapampando. Ngakhale akhale wokhulupirika bwanji, ndalama za gulu zimasakanikirana ndi za ndiwo, ndipo tsiku lomwe wina afunse, ubale watha. Akaunti ikhale m'dzina la gulu, osayinira atatu osakhala pachibale, awiri asayine nthawi iliyonse. Osankha ntchito yothandizidwa asakhale omwewo osunga ndalama. Amfumu ndi akhansala aitanidwe ngati mboni, koma asapatsidwe cholembera, chifukwa chaka cha zisankho thumba limavekedwa nsalu ya chipani ndipo theka la osonkha limachoka. Gulu lopatsidwa thandizo lisalandire ndalama m'manja: komiti ione mitengo ya m'masitolo atatu, ilipire kusitolo komweko, ndipo mmisiri alandire theka poyamba, lotsala ntchito ikayenderedwa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse pepala la zolowa ndi zotuluka likhomedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika, chithunzi chake chitumizidwe pa WhatsApp kwa omwe ali kunja, ngakhale mwezi umene palibe chagulidwa.