Karabo wopanda Queen sanalinso Karabo yemwe tinkamudziwa

Anthu akamakangana za masewero a pa TV a ku South Africa, Generations yakale ndi Generations: The Legacy, ambiri amangoti yakale ndiyo inali yokoma, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanenso ndili mbali imeneyo, koma chifukwa chomwe amapereka sindigwirizana nacho. Amati osewera atsopano analibe luso. Ayi ndithu. Manaka Ranaka akamasewera Lucy Diale sungadzuke pampando, ndipo Vuyo Dabula ankaopsadi pa malo a Gadaffi. Vuto linali mwa anthu akale amene anabwerera, makamaka Karabo Moroka.

Kumbukirani mmene zinayendera. Mu Ogasiti 2014 osewera 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwinopo, makontrakiti a zaka 3, komanso kagawo kawo ka ndalama seweroli likamaonetsedwa mobwereza. M'gululo munali Sophie Ndaba yemwe ankasewera Queen, mnzake wapamtima wa Karabo, Menzi Ngubane yemwe tinkamudziwa kuti Sibusiso Dlomo, Katlego Danke wa Dineo, Seputla Sebogodi wa Kenneth Mashaba ndi ena. Sewero linaima miyezi iwiri. Linabwerera pa SABC 1 pa 1 Disembala ndi dzina latsopano, mwini wake Mfundi Vundla atalumphitsa nkhani zaka 20 kutsogolo kuti asavutike kulongosola kumene anthu onsewo analowera.

Pofuna kuti ife oonera tisathawe, anaitananso Connie Ferguson, wosewera Karabo, amene anali atachoka mu 2010. Nkhope inali yomweyo, mawu omwewo, kayendedwe komweko. Koma munthu amene analowa pakhomo sanali Karabo wathu.

Karabo wakale anali mwana wa m'banja lolemera, inde, koma mtima wake unali pamtunda. Ankakonda ndi mtima wonse, ankalakwitsa posankha amuna, ankalira, mawa lake n'kudzuka kupita kuntchito atatchena ngati sikunachitike kanthu. Ndipo zonsezi tinkazidziwira kuti? Akakhala pansi ndi Queen. Pamaso pa Queen m'pamene Karabo ankavula ulemerero wake n'kukhala mkazi wamba, wamantha, wansanje, wotha kuseka zopusa zake. Queen ankamuseka, kumukalipira, nthawi zina kumupatsa malangizo olakwika kumene, koma chifukwa cha iyeyo tinkamva zimene zinali mumtima mwa mnzakeyo.

Mu The Legacy tinapeza Karabo ali mayi wamkulu wa banja la a Moroka, mkazi wa Tau Mogale, woteteza dzina ndi chuma cha banja. Ukwati wa Mazwi Moroka ndi Sphe Cele, wokonzedwa ndi akuluakulu a mabanja awiri, unachitika iye ali pampando umenewo. Tangoganizani, mkazi amene moyo wake wonse ankatsata mtima wake, lero ali mbali ya akuluakulu osankhira ana banja! Sindikunena kuti sizingatheke. Zaka 20 zimasintha munthu, ndipo tonse tikudziwa azakhali amene pa utsikana wawo anali osamva koma lero ndiwo amakhwimitsa mwambo pa chinkhoswe. Chondiwawa n'chakuti njira imene anadutsa kuti afike pamenepo sitinaione, ndipo panalibe mnzake wakale woti amuyang'ane m'maso n'kumukumbutsa kuti nayenso anali mtsikana.

Nkhani ija yoti Karabo akufuna kutenga Zola Radebe kukhala mwamuna wake wachiwiri, Tau ali moyo ndiponso ali pakhomo, inautsa mkangano waukulu. Ineyo sindinadabwe nayo, chifukwa apo pokha m'pamene ndinaonako Karabo wakale, uja wosamva za anthu akakonda. Koma inangokhala ngati mlandu wa pabwalo: awa akuti mwambo sulola, awo akuti nanga amuna amatengeranji mitala. Queen akanakhalapo, tikanamva Karabo akulankhula ngati munthu amene mtima wagawika pawiri.

Tsono yerekezani ndi Jack Mabaso, munthu woipa wa m'seweroli amene ankaseweredwa ndi Vusi Kunene. Vusi Kunene atabwerera mu 2016, palibe anadandaula kuti Jack wasintha. Anangolowa n'kupitiriza pomwe anasiyira. Chifukwa chake n'chosavuta: munthu woipa amangofunika anthu oti awapondereze, ndipo atsopano amakwanira bwinobwino monga akale. Munthu amene timamukonda chifukwa cha kufewa kwake amafunika anzake amene amamudziwa kuyambira kale. Karabo anatsala ngati mphika umene auchotsera mafuwa.

N'chifukwa chake ndikamva wina akuti kuchotsa osewera 16 aja kunangokhudza iwo okha, ndimakana. Kunakhudzanso amene anabwerera. Connie Ferguson anasewera bwino, sindimuchotsera kanthu, koma anamupatsa Karabo wodulidwa mbali imodzi, ndipo pofika 2016 anali atapita kukayambitsa sewero lina lotchedwa The Queen pa kanema wa Mzansi Magic pamodzi ndi mwamuna wake, malemu Shona. Sophie Ndaba anasewera Queen zaka pafupifupi 20. Ubwenzi wa zaka zonsezo sungaulembe ndi cholembera sabata imodzi n'kuupereka kwa munthu watsopano. Ndikanakhala pampando wa a Vundla kapena wa akuluakulu a SABC mwezi wa Ogasiti uja, sindikanadzuka pa zokambirana mpaka titamvana ndi anthu 16 aja.