Ndalama za TV zatisokonezera mpira wa m'makoleji

Koma zinazi zimanditopetsa ine. Loweruka ndakhala pansi kuti ndionere mpira wa m'makoleji wa ku America uja, ndiyambe kaye kufufuza pa foni kuti timu imene ikusewera ili mu ligi iti chaka chino. Mu 2024 matimu a makoleji a USC, UCLA, Oregon ndi Washington anaithawa ligi ya Pac-12 kupita ku ligi ya Big Ten yomwe pano ili ndi matimu 18, chifukwa cha ndalama za TV basi. Stanford ili ku California koma ikusewera mu ACC, ligi yomwe matimu ake ambiri ali kum'mawa kwa dzikolo, ana asukulu kumakwera ndege mpaka ku North Carolina, Lolemba akufunika m'kalasi atatopa. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza za Oregon State ndi Washington State, anawasiya awiriwiri mu Pac-12 ngati ana amasiye. Kenako panabukanso mkangano woti maligi ngati Big Ten atengenso ndani mu ACC, Clemson kapena Florida State, aaa zakwana!