Kudziwe palibe amene adzakuuzeni kuti muzimitse foni

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa nkhani yake ikundiwawabe mumtima. Koma tsiku lililonse ndikuona zithunzi za wikendi zikudutsa pano pa intaneti, ana ali m'madzi, makolo akumwetulira, ndiye ndati ndingolankhula basi. Wina zimuthandiza.

Mwezi wathawu banja lathu linayenda maulendo awiri motsatizana. Loweruka loyamba tinapita kumalo aja ogonako okhala ndi maiwe osambiramo komanso zotsetsereka zamadzi, amene ambiri timangowatchula kuti water park. Loweruka lotsatira tinakaonera zisudzo mu holo. Ana ndi omwewo atatu: wachisamba wa zaka 12, wapakati wa zaka 8, ndi mzime wa zaka 4.

Ndiyambe ndi za kumadzi.

Bambo awo anatenga akuluakulu awiri aja kukaima pamzere wa chotsetsereka chachitali, ine ndinatsala ndi mzime padziwe la ana. Madzi ake ankangomulekeza pachifuwa. Timachubu tampweya tija ta m'mikono anali atativula popita kuchimbudzi, ndipo pobwerera sindinamuvekenso poti ndinkaona kuti mpamadzi ochepa. Ndinakhala m'mphepete, miyendo ili m'madzi, masitepe atatu okha kuchokera pamene iye anaima. Ndinali nditamujambula zithunzi zingapo, tsono ndinkasankha chabwino choti nditumize kwa azibale. Sindinachoke, sindinagone, sindinatembenukire kwina. Ndinangoweramira pafoni.

Podzutsa mutu mwana sanali chiimire. Nkhope inali m'madzi, manja akupalasa pansi ngati akukwera makwerero osaoneka. Osalira, osakuwa, osamwaza n'komwe madzi. Mayi wina amene sindimamudziwa, yemwe ankasambitsa khanda lake chapomwepo, ndiye anamunyamula ndisanafike. Anatsokomola, n'kusanza madzi, kenako kulira kunabwera. Kulira kumeneko sindidzakuiwala. Tinapita naye kuti achipatala amuone tsiku lomwelo, ndipo ali bwino. Mayi uja sindinamufunse ndi dzina lomwe, koma anandionetsa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Chimene ndinkaganiza moyo wanga wonse n'chakuti munthu akamamira amakuwa, amaimika manja, aliyense n'kumuona. Si choncho. Pakamwa pamangotuluka pamwamba pa madzi kanthawi kokwanira kukoka mpweya pang'ono, n'kubwereranso pansi. Mpata woitana amayi supezeka. Mwana wamng'ono sangalimbane ndi madzi kufika ngakhale mphindi imodzi, ndipo ubongo ukakhala wopanda mpweya kwa mphindi zinayi kapena zisanu ndi imodzi umayamba kuwonongeka. Taganizani nthawi imene mumatenga kulemba mawu awiri pansi pa chithunzi n'kuchitumiza.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Ambiri mwa anthuwa sanamire kumalo achisangalalo ayi, anamira m'mitsinje, m'zitsime, m'madamu ndi m'nyanja. Koma madzi ndi madzi, sayang'ana kuti mwalipira pakhomo. N'chifukwa chake bungwe la United Nations mu 2021 lomwelo linapatula 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Ine tsikuli ndalidziwa zitandionekera kale.

Musandimve molakwa, sindikunyoza malo amenewa. Ndimawakonda, ndipo tidzapitanso. Pali chimwemwe china chake chimene mwana amakhala nacho akamatsika chotsetsereka chija akukuwa, n'kugwera m'madzi, n'kudzuka akuthamangiranso pamzere. Simungachigule kwina. Malo otere si akalekale kwenikweni. Amene ambiri amati ndi oyamba a mtundu wamakonowu ndi Wet 'n Wild, omwe George Millay anatsegula ku Orlando, ku America, mu 1977, ndipo anatsekedwa kumapeto kwa 2016. Lero afalikira dziko lonse. Ku Sun City, ku South Africa, kuli Valley of Waves kumene makina amaponya funde lotalika pafupifupi mamita awiri pamalo oti nyanja ili kutali, ku Durban kuli uShaka Marine World imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo ku Germany anatenga chinyumba chachikulu chimene anamangira ndege zampweya, zija zoyandama m'mwamba ngati baluni, n'kuikamo maiwe ndi mitengo, n'kuchitcha Tropical Islands. Luso lake ndi lodabwitsa. Mafunde aja amapangidwa ndi mpweya umene makina amaupopera m'zipinda zobisika kuseri kwa khoma, kapena ndi matanki amene amakhuthula madzi ambiri nthawi imodzi. Tsono funde limenelo silisankha. Limagwetsa wamkulu, ndipo mwana amene wakanirira pansi pa machubu a anthu ena savuta kubisika.

Anthu ena ati, nanga si pamakhala alonda opulumutsa anthu? Alipo, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza. Koma munthu mmodzi ali pampando akuyang'ana mitu yambirimbiri, dzuwa likuthwanima pamadzi, ana akukuwa mbali zonse. Iye ndi wothandiza zinthu zikavuta, si mlezi wa mwana wanga. Nafenso akuluakulu timanamizana tikakhala ambiri. Amayi akuganiza kuti bambo akuyang'ana, bambo akuti azakhali ali pomwepo, azakhali akuti wamkulu uja akumuona mng'ono wake. Mapeto ake palibe amene akuyang'ana. Ife tsopano tinagwirizana kuti pazikhala munthu mmodzi wodziwika, wotchulidwa dzina, amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, osagwira foni, osacheza, ndipo tizisinthana pakapita mphindi 15. Kwa mzime, wamkuluyo azikhala m'madzi momwemo, poti akatambasula dzanja amugwire. Timachubu ta m'mikono tija ndi zidole, timaphwa, timavuka. Choyenera ndi jekete yoyandamitsa yomangidwa bwino ndi malamba.

Ndionjezere kena kamodzi ndisanachoke kudziwe. Fungo lamphamvu lija timati ndi la klorini, n'kumati apa ndiye paukhondo, kwenikweni limabwera mankhwalawo akasakanikirana ndi thukuta ndi mkodzo. Ndi lomwenso limafiiritsa maso. Kusamba musanalowe si mwambo wongotayitsa nthawi. Ndipo mwana amene akutsekula m'mimba chonde asalowe, chifukwa kachilombo kena kotchedwa Cryptosporidium kamakhala kamoyo kuposa sabata yathunthu ngakhale m'madzi othiridwa mankhwala bwinobwino.

Tsono za zisudzo. Kunena zoona ndinatsala pang'ono kukana kupita. Mtima unali usanakhazikike, ndipo ana nawonso sankafuna. Wachisamba anati zimenezo n'zotopetsa, bola kuonera filimu kunyumba. Matikiti anali atagulidwa kale, ndiye tinanyamuka.

Titakhala pansi, magetsi asanazime, mawu anamveka opempha kuti aliyense azimitse foni ndipo pasakhale wojambula. Ndinaizimitsa yonse, osati kungochotsa kulira kokha, n'kuiponya pansi pa chikwama. Apo m'pamene china chake chinandilasa. Muno, mmene choopsa chachikulu ndi kusokoneza munthu amene akulankhula pasiteji, akutilamula kuzimitsa foni ndipo tonse tikumvera. Kudziwe kuja, kumene mwana angathe kutayika pamphindi imodzi, palibe anandiuza. Kumeneko m'pamene foni timaitulutsa kwambiri, mpaka kuigulira kathumba kosalowa madzi. Ndinakhala mumdimamo misozi ikulengeza sewero lisanayambe n'komwe.

Litayamba, ndinaonera zinthu ziwiri nthawi imodzi, siteji ndi nkhope za ana anga. Wachisamba uja wa "n'zotopetsa" anasendera kutsogolo kwa mpando, chibwano chili m'manja, osaphethira. Pena pake m'seweromo munthu wina ankabisa kalata pamene mnzake akulowa pakhomo, ndipo wapakati analephera kudzigwira, anakuwa kuti, "Ili kumbuyo kwake!" Holo yonse inaseka. Wosewera uja sanakwiye, anaima kaye, n'kutembenuza maso pang'onopang'ono kuyang'ana kumene kwachokera mawu, kudikira kuti kuseka kuthe, kenako n'kupitiriza. Mwanayo mpaka lero akunena kuti munthu uja anamumva. Ndipo anamumvadi.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa zisudzo ndi kanema. Filimu ilibe nanu ntchito. Mukhoza kuiimitsa, kukatsegula chitseko, kubwerera, idzakhala chimodzimodzi mawa ndi chaka chamawa. Pasiteji pali munthu wamoyo amene akupuma mpweya womwewo ndi inu. Mukaseka amadikira, mukakhala chete amatsitsa mawu, mukayatsa foni kuwala kwake amakuona ali pomwepo ndipo kumamuchotsa m'maganizo. Sewero limene tinaonera usiku umenewo silidzachitikanso chimodzimodzi, chifukwa mawa lake munalibe mwana wokuwa za kalata. Mwana akazindikira zimenezi amaphunzira chinthu chimene sindikanatha kumuphunzitsa ndi pakamwa, chakuti kukhala chete n'kumvetsera ndi mphatso imene ukupereka kwa munthu wina.

Chimene chinandipweteka n'chakuti mipando yambiri inali yopanda anthu. Loweruka lapitalo tinaima pamzere wautali kudikira kutsetsereka kwa masekondi ochepa, koma apa anthu amene akonzekera milungu yambiri, kuloweza mawu, kusoka zovala, kukhoma matabwa, akusewera pamaso pa holo yosadzaza ndi theka lomwe. Ndikafunsa anzanga amati zisudzo za mu holo ndi za anthu ophunzira kwambiri kapena olemera. Ine ndikukana. Bwalo la zisudzo la ku Epidaurus ku Greece linamangidwa zaka zoposa 2,300 zapitazo, lokwana anthu pafupifupi 14,000, ndipo mpaka lero munthu akalankhula pakati mawu amafika kumipando yakumwamba popanda chimkuzamawu. Simumangira anthu ochepa osankhika bwalo lotero. Nyumba ya zisudzo ya Globe ya ku London, imene inamangidwa mu 1599, inali ndi bwalo pakati pomwe anthu wamba ankaonera chiimire atalipira kandalama kochepa, akukuwa ndi kuyankha ngati mwana wanga uja. Inapsa mu 1613 pamene mzinga umene anaomba m'kati mwa sewero unayatsa denga laudzu, ndipo imene inatsegulidwa mu 1997 pafupi ndi malo akalewo idakali ndi bwalo la oimirira. Market Theatre ya ku Johannesburg inayamba mu 1976 m'nyumba imene kale unali msika wa zipatso, ndipo m'nthawi ya tsankho inkalola anthu a mitundu yonse kukhala pamodzi n'kuonera masewero odzudzula ulamuliro umenewo. Zisudzo zakhala za anthu wamba kuyambira kalekale. Ndife amene tazitalikira. Ndi angati mwa ife amadziwa kuti 27 March ndi tsiku la zisudzo padziko lonse?

Ndipo inu amene mumajambula sewero lonse mobisa n'kuliika pa Facebook, mukuwadyera masuku pamutu anthu amenewa. Chakudya chawo chili pa tikiti. Wina akaonera pafoni panu, pakhomo sabweranso.

Sindinama kuti zonse zinayenda bwino. Mzime sanathe kupirira mpaka kumapeto. Nthawi yopuma itakwana anali atayamba kale kugudubuka pampando, ndipo gawo lachiwiri ndinalimvera panja ndili naye pamiyendo. Mwana wa zaka 4 amafunika sewero lokonzedwera ana, lalifupi, lamasana, ndipo mukhale kumapeto kwa mzere kuti mutuluke osaponda anthu. Funsani zaka zoyenera musanagule tikiti, monga momwe kuzotsetsereka amayezera msinkhu wa mwana asanamulole kukwera. Koma ngakhale panja paja sindinaiyatse foni. Tinkamvetsera kuseka kwa anthu kudzera pachitseko, iye n'kumandifunsa kuti akuseka chiyani, ine n'kumamupekera.

Pobwerera m'galimoto munali phokoso. Wachisamba ankatsutsana ndi bambo ake ngati mayi wa m'sewero uja anachita bwino kukhululuka, wapakati akutengera kayendedwe ka nkhalamba ina mpaka tonse kugwa nako kuseka. Ulendo wa kumadzi ndili ndi zithunzi zake zambirimbiri ndipo sindinathe kuzitsegulanso. Wa kuzisudzo ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi.

Mzime wayamba maphunziro a kusambira Loweruka lapitali. Akukanabe kuviika nkhope m'madzi, ndipo mphunzitsi wake wati tisamukakamize. Ndimalowa naye limodzi, foni imatsala m'galimoto. Wapakati wandifunsa kale kawiri kuti anthu aja adzaseweranso liti, akuti akufuna akakhale mzere wakutsogolo.