Tiziwatengera ana ku Khondowe akaone mamangidwe

Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa inu, ikayamba siiona nthawi. Sabata yatha ndinapita kukatenga mwana kusukulu kwake, ndinapeza aphunzitsi angokhala chete choko chili m'manja chifukwa malata akulira moti palibe akumva mnzake, siling'i mulibe, khonde mulibe, madzi akulowera pa windo mpaka makope kunyowa. Buloko yatsopano imeneyo, penti isanasuwe n'komwe.

Ndiye maganizo anga anathawira ku Khondowe. Mzinda wathu wa Mzuzu ndi waung'ono m'zaka, unayamba cha m'ma 1940 ndi esiteti ya mitengo ya tung, wakhala city mu 1985, ndiye ukafuna kuona sukulu yakale yeniyeni uyenera kukwera phiri kupita ku Livingstonia, ku Khondowe komweko. Dr Robert Laws anasamukira kumeneko mu 1894 atachoka ku Bandawe n'kuyambitsa sukulu ya mishoni ya Overtoun Institution. Nyumba yake ya miyala, Stone House ya 1903, ilipobe, tchalitchi chija cha nsanja ya wotchi chilipo, ndipo kuyambira 2003 pamalopo pali University of Livingstonia. Ine chimene chinandigwira mtima nditapitako ndi khoma, ndinaliyeza ndi dzanja pa windo kunenepa kwake, masana dzuwa likuswa mtengo koma mkati muli zii kozizira bwino. Denga lili m'mwamba, khonde lotakasuka loti mvula igwe mmene ingagwere iwe ukuyenda osanyowa.

Chimandipweteka n'choti timangoti anamanga ndi azungu. Njerwa zija anaumba ndani? Miyala anasenza ndani? Pasukulupo ankaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku, ndiye manja amene anayala njerwazo ndi a agogo athu omwe. Clements Kadalie amene anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 anaphunzira pomwepo.

Sindikunena kuti tibwerere kuwotcha njerwa ayi, mitengo yatha kale, taonani nkhalango ya Kaning'ina mmene ikuonekera. Mabuloko a simenti ali bwino. Koma khonde lokha, siling'i, ndi denga lokwera pang'ono, zimenezi zikutikanika bwanji? Ma komiti a sukulu, mukamakonza ulendo wa ana chaka chino musangoganiza za kunyanja ku Nkhata Bay, kwerani nawo msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia akagwire khoma lija ndi manja awo, ndipo a kontilakita wanu muwasiyireko mpando m'basimo.