Nyanja sibweza chimene mwaipatsa

Mnzanga atandipempha kuti tikaperekeze bambo ake pa boti, ndinaganiza kuti chisoni chamusokoneza mutu. Koma anali mawu a malemuwo. Anagwira ntchito m'sitima zapamadzi moyo wawo wonse, ndipo anasiya atanena kuti akadzamwalira awawotche, phulusa lawo akalimwaze panyanja yamchere. Ndiye tinapita.

Chinayamba kundidzidzimutsa ndi kulemera kwa mtsuko wa phulusalo. Ine ndinkayesa kuti ndi phulusa ngati la nkhuni, loti ukauzira lauluka. Ayi ndithu. Ndi mafupa operedwa, otuwa, okhakhala ngati mchenga, ndipo la munthu wamkulu limafika makilogalamu 2 kapena 3. Atandipatsira kuti ndiwagwirire pokwera, manja anga anachita kunjenjemera.

Titafika pakati pa madzi, woyendetsa boti analitembenuza kuti mphepo izitiomba kumsana, kenako anazimitsa injini. Anatilangiza kuti pothira titsitse mtsukowo pafupi ndi madzi. Koma mchemwali wake wa mnzangayo, misozi ili chuchuchu, anaukweza m'mwamba. Mphepo nayo inangotembenuka. Fumbi lina linabwerera n'kudzatera pa jekete yanga. Ndinaima njo, osadziwa chochita. Ndisase? Ungawasase bwanji bambo a mnzako ngati fumbi la mumsewu? Ndinangoivula n'kuipinda bwinobwino.

Musandimve molakwa, ine sindikunyoza mwambowu. Si wa anthu opanda ulemu. Neil Armstrong, munthu woyamba kuponda pamwezi, phulusa lake linaperekedwa kunyanja ya Atlantic pa 14 September 2012 kuchokera m'sitima yankhondo ya USS Philippine Sea. Ndipo si zongochita mwachisawawa. Ku America lamulo limati mupite kutali ndi gombe mamailosi a panyanja osachepera 3, omwe ndi makilomita pafupifupi 5.6, kenako mudziwitse bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA pasanathe masiku 30. Maluwa apulasitiki ndi nkhata za waya n'zoletsedwa, chifukwa siziwola. Ku Britain safuna n'komwe chiphaso. Masiku ano kuli mitsuko yopangidwa ndi mchere kapena mapepala, imene imayandama pang'ono kenako n'kusungunuka. Tikanadziwa, jekete yanga ikanapulumuka.

Vuto langa lili pena. Tikamakonza zimenezi timamvera kwambiri wopitayo, n'kuiwala kufunsa otsala. Mawu a malemu ndi olemera, inde, koma amene adzadzuke usiku ndi chisoni si malemuwo. Manda ukhoza kubwererako chaka ndi chaka, kukapalira, kukhala pansi n'kulankhula zakukhosi. Panyanja mukathira mwathira. Pa mphindi zochepa chabe madzi anali atayera ngati palibe chachitika, maluwa okha akuyandama kulowera kwina.

Mpingo wa Katolika unalola zowotcha mitembo mu 1963, koma mu 2016 unanena mosapita m'mbali kuti phulusa lisamamwazidwe panyanja, mumlengalenga kapena pamtunda, lizisungidwa pamalo opatulika. Chimodzi mwa zifukwa zake n'choti womwalirayo asaiwalike. Simufunika kukhala wa mpingowo kuti mfundoyi ikufikeni pamtima. Ineyo sindikunena kuti tiletse. Ndikungoti kuthamangira kulibe phindu. Phulusa siliwonongeka, likhoza kudikira chaka chathunthu mpaka aliyense m'banja atalankhula. Ngati chikhulupiriro chanu chikulola, mukhozanso kupatulako pang'ono n'kuika pamalo pamene munthu angafike ndi miyendo yake.

Mayi ake a mnzangayo sanakwere nawo tsikulo. Ndi okalamba, mafunde amawachititsa nseru, choncho anatsala pagombe akuyang'ana boti likucheperachepera. Palibe anawafunsa ngati zinawakomera, aliyense ankangoti bambo anatero. Pobwera, woyendetsa boti anatipatsa kapepala kolembapo manambala a GPS a malo amene tinaima.

Patapita miyezi ingapo ndinakawaona. Anatulutsa kapepalako m'kachikwama kawo, katayamba kung'ambika m'mopindamo, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, iwe unaphunzira, tandiuza, manambalawa akuti amuna anga ali pati?" Ndinatsegula mapu pafoni, ndinalowetsa manambalawo, panatuluka kadontho pakati pa mtundu wabuluu wokhawokha. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandibwezera foniyo.