Amalume ndi Mzinda wa mu Laputopu

Amalume abwera kuchokera kumudzi, apeza mphwawo Chikondi ali ndwii pa laputopu.

AMALUME: Iwe, chifikireni ine sunandiyang'ane n'komwe. Muli maliro mmenemo?

CHIKONDI: Pepani amalume, ndikumanga mzinda. Gemu yake ndi Civilization VI, idatuluka mu 2016.

AMALUME: Malo adakugawira ndani? Amfumu akudziwa?

CHIKONDI: Umangofika n'kukhoma chikhomo.

AMALUME: Milandu ya malo imayamba choncho. Nanga sukuluyo wayiikiranji m'tsinde mwa phiri? Ana azikaphunzira ndi anyani?

CHIKONDI: Sukulu ikagundana ndi phiri imabala nzeru zambiri. M'magemu akale a Civilization zonse zinkathithikana pakati pa mzinda. Mu iyi sukulu imadya malo akeake, msika akeake, doko akeake, ndiye usanamange umayamba wayang'ana oyandikana nawo. Ed Beach, amene adatsogolera kuikonza, ndi katswiri wopanganso magemu a patebulo. N'chifukwa chake ikuoneka ngati ukuyala makhadi.

AMALUME: Phiri limabala nzeru? Bwenzi a ku Mulanje onse ali mapulofesa. Nanga dziko lakoli bwanji likuoneka ngati zisa za njuchi?

CHIKONDI: Ndi timinda ta ngodya 6. Magemu a patebulo adatiyamba kalekale. Ngakhale Catan, ya m'chaka cha 1995, ili choncho. Adaipanga ndi Klaus Teuber wa ku Germany, ntchito yake inali yokonza mano oikirira.

AMALUME: Munthu kusiya mano a anthu n'kumakajambula minda!

CHIKONDI: Mu Catan mudzi umamanga ndi thabwa, njerwa, tirigu ndi nkhosa.

AMALUME: Nkhosa ikumanga nawo?

CHIKONDI: Umalipira nayo. Njerwa zikakusowa ndipo anzako akukana kusinthana nawe, umapita kubanki: nkhosa 4, njerwa imodzi.

AMALUME: (aimirira) Zingati?

CHIKONDI: Zinayi.

AMALUME: Njerwa IMODZI? Ya uvuni yomweyi? Ine nkhosa 4 ndikumangira nyumba, khitchini, ndi chimbudzi chapamwamba! Bankiyo ndi katapila.

CHIKONDI: Ndiye madayisi akagwa pa 7 kumabwera mbava, imakhala pamunda pako, osakololanso.

AMALUME: Imeneyo ndiye ndikuidziwa. Kwathu ili ndi dzina ndi njinga. Tasuntha ndione, munthu wa bawo sangagonje ndi zidole.

CHIKONDI: Amalume, mwamanga doko pomwe ndimafuna...

AMALUME: Khala chete. Wachipewa uyu akufunanji pamalire panga?

CHIKONDI: Akupempha ubwenzi.

AMALUME: Ubwenzi ali ndi asilikali kumbuyo? Ndimuuza ndi batani liti kuti achoke?

(Tambala walira kachiwiri.)

CHIKONDI: Amalume, basi ya kumudzi imanyamuka 6 koloko. Azakhali aimba katatu.

AMALUME: Auze kuti ndili pa chitukuko. Nkhokwe yanga yatsala kuti ndingosewerako kawiri basi, ithe.

CHIKONDI: Mwanena zomwezo 1 koloko.

AMALUME: Ija inali ya mzinda wina.