Chingerezi chathu chikugwera pa mpumiro, osati pa mawu akuluakulu

Abale, ndilankhuleko, ngakhale ena mundinena kuti ndayamba uphunzitsi wosapemphedwa.

Ambirife tikafuna kuoneka ophunzira timathamangira mawu a Chingerezi akuluakulu, aja woti wowerenga mpaka akatsegule dikishonale. Koma taonani chimangirizo cha mwana wa Fomu 4 chikabwera kuchokera kwa aphunzitsi chili psuu ndi inki yofiira. Inkiyo siikhala pa mawu ovuta ayi. Imakhala pa tinthu tonyozeka: alumikizi monga and, but, because ndi although, komanso mpumiro ndi mpatuliro. Ndipo si zamasewera, poti mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a MANEB, satifiketi ya MSCE saiona, kaya masamu ndi sayansi anakhoza chotani.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndimachimvera chisoni chifukwa gwero lake ndi labwino. M'Chichewa timati, "Ngakhale kunagwa mvula, koma tinapitabe kumunda." Palibe angakudzudzule, chiganizocho chili bwinobwino. Mwana amanyamula kaganizidwe komweko n'kulemba kuti "Although it rained, but we went to the garden." Apa ndiye wagwa. Chingerezi sichilola awiriwa kukhala m'chiganizo chimodzi pa ntchito imodzi. Ukayamba ndi although, but achoke. Ukafuna but, although achoke. N'chimodzimodzinso since ndi so. Mwanayo si mbuli, akuganiza molondola m'chinenero cha kwawo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nthawi zambiri amangomudulira mzere wofiira osamuuza kumene vutolo lachokera. Atamuuza kamodzi kokha kuti "ichi n'Chichewa chavala suti," sangaiwalenso.

Wina ndi however. Mawu amenewa timawakonda zedi m'makalata ofunsira ntchito chifukwa amamveka aulemu kuposa but. Ndiye munthu amalemba kuti "I applied last year, however I was not called." Koma however alibe mphamvu yomangirira ziganizo ziwiri ndi mpatuliro wokha. Tsekani chiganizo choyamba ndi mpumiro, muyambe china: "I applied last year. However, I was not called." Mukaona kuti zakuvutani, bwererani kwa but, sanalakwire munthu.

Because ndiye timamusiya pamtetete. "I did not come. Because I was sick." Chachiwiricho si chiganizo, ndi chidutswa. Chotsani mpumiro wapakatipo basi, zatheka.

Nanga ziganizo zosatha zija? Tikamacheza timati "ndiye tinapita, ndiye tinamupeza, ndiye anatiuza," ndipo zimakoma chifukwa mawu amakwera ndi kutsika, timapumira, manja nawo amathandiza. Papepala zonsezo palibe. Kumangotsala and, and, and mizere isanu ndi umodzi popanda popumira, wowerenga mpaka befu. Mpumiro ndi waulere, abale, sagula.

Nkhodolero sindikhalitsapo. Ife timaidziwa kale m'mawu ngati m'nyumba ndi ng'ombe, koma m'Chingerezi siisonyeza kuchuluka kwa zinthu. Zikwangwani za "Fresh egg's" ndi "Chip's" zimene timaziona m'misika n'zolakwika. It's ndi chidule cha it is kapena it has, pamene its amasonyeza umwini.

Ndikudziwa ena muti bola uthenga wamveka. Pa WhatsApp ndi mnzako, ndikuvomera, lembani mmene mukufunira. Koma pa pangano, pa lamulo, pa kalata ya malo, kachizindikiro kamodzi kamasanduka ndalama. Ku Maine, m'dziko la America, madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anaisumira kampaniyo pa nkhani ya malipiro a ovataimu. Lamulo la kumeneko linandandalika ntchito zosayenera kulandira ovataimu, ndipo mndandandawo unathera pa mawu akuti "packing for shipment or distribution," popanda mpatuliro patsogolo pa or. Madalaivala anati mawuwo akunena za olongedza katundu okha, pamene iwo salongedza, amangogawa. Mu 2017 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo likhoza kumveka pawiri, choncho liwerengedwe mokomera antchito. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Amenewotu ndi eni ake chinenero.

Chodabwitsa n'chakuti zizindikiro zimenezi ana athu amaziphunzira m'phunziro la Chichewa, mayina ake amaloweza: mpumiro, mpatuliro, mfunsiro, mfuwuliro. Belu likalira, mphunzitsi wa Chingerezi akalowa, zonse zimakhala ngati zachilendo. Ine ndikanakonda aphunzitsi awiriwa atamagwirizana, wina azikumbutsa zimene mnzake waphunzitsa kale.

Makolo, simufunika digiri kuti muthandizepo. Tengani kope la mwanayo, mumuuze awerenge ndime imodzi mokweza monga mmene wailembera, asapume pamene sanaikepo chizindikiro. Pamene mpweya umuthere, mupatseni cholembera. Aphunzitsi a Chingerezi amene muli pano, ngati ndanama penapake ndikonzeni, ndili pompano.